Mwasintha injini ya galimoto ya mpikisano: muikepo koyilo iti?

Toyota 4A-GE ya mavavu 20 ndi injini imene anthu a mpikisano wa magalimoto kummwera kwa Africa kuno amailimbirana. Ndi ya malita 1.6 okha, koma ija amaitcha Blacktop, imene inatuluka mu 1995 mu Corolla Levin AE111, imatulutsa mphamvu ya akavalo 165 pa 7,800 rpm musanaigwire chilichonse. Ku South Africa injini ya mavavu 20 inabwera mu Corolla RSi ndi RXi, choncho kuipeza sikuvuta. Mutu umayamba kuwawa mukaichotsa m'galimoto yokoka ndi mateyala akutsogolo n'kuiika m'galimoto yokankha ndi akumbuyo, monga Corolla KE70, AE86 kapena Nissan 1400. Injini imene inkagona chopingasa tsopano yagona m'litali, ndipo disitibyuta yake, imene ili kumapeto kwa hedi mbali ya giyabokosi, ikukagunda chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala woyendetsa.

Ena amatenga hamala n'kuphwanya chitsulocho mpaka disitibyuta ilowe. Ena amagula zipangizo zoisamutsira kutsogolo kwa injini. Ambiri amaichotseratu, ndipo pamenepo m'pamene amabwera kudzafunsa kuti, "Nanga pa 20 valve pamalowa koyilo iti?" Ine ndimayankha ndi funso langa: kodi chimene chizidzayatsa ndi kuzimitsa koyiloyo n'chiyani? Injini siidziwa dzina la koyilo, imangofuna moto wokwanira pa nthawi yake. Chimene chimagwirizana kapena kukanana ndi koyilo ndi kachipangizo kodula magetsi, kaya ndi mapointi, kaya igniter (kabokosi ka magetsi kogwira ntchito ya mapointi), kaya kompyuta bokosi. Makoyilo ambiri amene ndaona atasungunuka sanali ofooka. Anangopatsidwa woyendetsa wolakwika.

M'kati mwa koyilo muli mawaya awiri okulungidwa pachitsulo chimodzi. Woyamba ndi wonenepa ndipo umalandira magetsi a batire. Magetsi akamadutsamo, mphamvu imaunjikana ngati maginito, ndipo akadulidwa mwadzidzidzi mphamvuyo imathawira mu waya wachiwiri, wowonda ndi wokulungidwa kambirimbiri, n'kutuluka ngati mavoti 20,000 kapena 30,000 amene amalumpha pa pulagi. Nthawi imene koyilo imafuna kuti idzaze ndiyo imatchedwa dwell, ndipo timaiwerenga m'mamilisekondi, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukaipatsa yochepa, moto umakhala wofooka. Mukaipatsa yochuluka, koyilo yadzaza kale, ndiye zotsalazo zimangosanduka kutentha.

Kusunga koyilo imodzi ndi disitibyuta

Iyi ndi njira imene ambiri timaidziwa kuyambira tili ophunzira m'galaja, ndipo nthawi zina simuchitira mwina. Magulu ena a magalimoto akale salola kuchotsa disitibyuta, choncho musanagule kanthu werengani malamulo a gulu lanu. Ku South Africa amene amayang'anira mipikisano ndi a Motorsport South Africa, ndipo gulu lililonse lili ndi malamulo ake a zimene mungasinthe pa injini.

Msampha wa njirayi ndi woti makoyilo a botolo amafanana onse kunja. Galimoto yakale ya mapointi imagwiritsa koyilo ya ma ohm pafupifupi 3, kapena ya 1.5 yokhala ndi ballast resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku koyilo) pambali. Werengani nokha: mavoti 14 pa ma ohm 3 ndi ma amp osakwana 5, ndipo ndi omwewo amene mapointi angapirire. Koyilo ya injini ya igniter imakhala pansi pa ohm imodzi. Mukaika ya 0.5 pa mapointi n'kusiya kiyi ali pa ON, mapointi ali otseka, masamu ake pa mavoti 12 a batire akuti ma amp 24, ndipo mapointiwo apsa musanamalize kumanga lamba. Mukachita mosemphanitsa, n'kusiya koyilo yakale ya Nissan 1400 kuti iyendetsedwe ndi igniter ya 4A-GE, palibe chimene chipse, koma koyiloyo imachedwa kudzaza ndipo injini idzayamba kumisa ikakwera. Ndiye ngati mwasunga disitibyuta, tengani koyilo ndi igniter zimene zinabwera ndi injiniyo, ndipo ballast resistor ya galimoto yakale ichoke panjira. M'magalimoto ena resistor imeneyi si kachidutswa koonekera, ndi waya wobisika m'hanesi. Yezani mavoti pa koyilo injini ikulira, musangokhulupirira maso.

Ngakhale zonse zitagwirizana, nthawi ndi imene imapanikiza. Pa 8,000 rpm kirankishafuti imazungulira kamodzi pa mamilisekondi 7.5. Injini ya masilinda 4 imaphulitsa kawiri pa kuzungulira kulikonse, choncho koyilo imodzi ili ndi mamilisekondi 3.75 okha oti idzaze, iwombe, n'kuyambanso. Toyota anakwanitsa ndi koyilo yawo, koma malo otsala ndi ochepa. Pa V8 ya koyilo imodzi pa 7,000 rpm pamatsala 2.1 okha. N'chifukwa chake 1UZ-FE yoyambirira, ija ya Lexus imene anthu amaika m'magalimoto osiyanasiyana ku South Africa, ili ndi makoyilo awiri, ma igniter awiri ndi madisitibyuta awiri.

Makoyilo awiri a Ford, silinda 1 ndi 4, 2 ndi 3

Njira yachiwiri imatchedwa wasted spark. Koyilo imodzi imawombera mapulagi awiri nthawi imodzi, wina pa silinda imene ikupanikiza mpweya, wina pa silinda imene ikutulutsa utsi. Moto wachiwiriwo umangotayika, koma sudya mphamvu yambiri. Phindu lake n'loti koyilo iliyonse ili ndi mamilisekondi 7.5 pa 8,000 rpm, ndipo simufuna sensa ya pa kamu. Sensa ya pa kirankishafuti yokha ikukwana.

Chodziwika kwambiri apa ndi bokosi la makoyilo la Ford Zetec pamodzi ndi module ya EDIS-4, kabokosi ka Ford koyendetsa makoyilowo. EDIS imafuna gudumu la mano 36 lochotsedwa dzino limodzi, ndipo pisitoni 1 ikakhala pamwamba penipeni, sensa iyenera kuyang'ana dzino la nambala 9 kuchokera pampata paja, kutanthauza madigiri 90. EDIS imadziwerengera yokha dwell, ndiye kuotcha koyilo n'kovuta. Chimene ndimaikondera kwambiri n'choti kompyuta ikasiya kuitumizira uthenga, iyo imapitiriza kuwomba pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, ndipo galimoto imatha kubwerera yokha ku ma pit, malo okonzera magalimoto pa mpikisano. Kwa munthu amene wasiya mainjekita n'kuika makabuleta a Weber, EDIS ndi Megajolt, kabokosi koiuza taimingi, ndi njira yosavuta kuposa zonse. Chofooka chake pa mpikisano n'choti payokha siidula moto injini ikapitirira malire, imangochedwetsa taimingi, ndipo ma module ake ndi akale, a m'ma 1990.

Kumbukirani kuti bokosi la Zetec lilibe igniter m'kati. Ndi koyilo ya ohm pafupifupi 0.5 imene imafuna wina woidulira magetsi. Ngati simukugwiritsa EDIS, funsani kompyuta yanu funso limodzi: kodi mawaya ake a moto amanyamula ma amp a koyilo, kapena amangotumiza chizindikiro cha mavoti 5? Makompyuta a ku South Africa monga Dicktator, Spitronics ndi Gotech, komanso Haltech, Link, MegaSquirt ndi Speeduino, amasiyana pa nkhaniyi, ndipo ngakhale a kampani imodzi amasiyana malinga ndi mtundu. Ngati ndi chizindikiro chabe, pakati pafunika igniter, monga Bosch 0 227 100 200 ya njira ziwiri. Imangidwe pachitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha, kutali ndi ekizozi. Igniter ya TP100 imene amakanika ambiri anaizolowera pa VW Golf ndi ya njira imodzi, ndiye pamafunika awiri.

Koyilo pa pulagi iliyonse

Apa m'pamene ndikhalitse, chifukwa ndi njira imene ambiri amathera, komanso ndi imene imawononga ndalama zambiri ikalakwika. Koyilo iliyonse imawomba kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndiye pa 8,000 rpm ili ndi mamilisekondi 15. Mawaya a mapulagi palibenso. Koma makoyilo amenewa ali mitundu iwiri yofanana maonekedwe: ena ali ndi igniter m'kati, ena alibe. Wa mapini awiri alibe. Wa mapini 4 kawirikawiri ali nayo. Wa mapini atatu ndiye musangoganizira, chifukwa Nissan ali nawo a mitundu yonse iwiri. RB26DETT ya Skyline R32 ndi R33 ili ndi igniter yapadera pamwamba pa injini, pomwe ya R34 ili nayo m'makoyilo. SR20DET ya S13 ndi S14 ili ndi yapadera, ya S15 ili m'kati. Mukaika makoyilo a igniter ya m'kati pa hanesi imene igniter yakale idakalipo, chizindikiro sichifika momwe koyilo ikuchifunira. Igniter yakaleyo iyenera kuchoka, mawaya n'kulumikizidwa molunjika.

Pa 4A-GE ine ndimasankha makoyilo a Denso a pa Toyota 1NZ-FE, ndipo sindibisa. Injini imeneyi ndi ija ili mu Sienta, Probox ndi Corolla NZE121, magalimoto amene adzaza misewu ya ku Malawi. Munthu amene akukonza galimoto ya mpikisano ku Pretoria kapena ku Harare, ngakhale amene akuyesa zake ku Lilongwe, adzawapeza kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasulidwa, kaya ku Biwi kaya ku Ndirande. Koyilo ikafa Loweruka m'mawa, mpikisano uli masana, kupezeka kwake n'kofunika kuposa manambala a m'kabuku kotsatsira malonda. Amalowa bwino m'mabowo a mapulagi a 4A-GE, mumangopanga kachitsulo kowagwira, ndipo dwell yake ili pakati pa mamilisekondi 2 ndi 3 batire ili pa mavoti 14. Gulani enieni ogwiritsidwapo kale kusiyana ndi atsopano otsika mtengo olembedwa Denso pabokosi pokha. Achinyengo ndi ambiri, ndipo amagwira bwino mumsewu mpaka tsiku limene mwawakweza pa 8,000 kwa mphindi 20.

Mapini a koyilo ya 1NZ-FE ndi 4: magetsi, earth, IGT ndi IGF. IGT ndi chizindikiro chochokera ku kompyuta. IGF ndi yankho la koyilo, loti "ndawomba". Kompyuta ya Toyota yeniyeni ikapanda kumva yankholi imadula mafuta, ndiye injini imalira pang'ono n'kuzima, ndipo munthu amatha sabata akusintha pampu ya petulo imene ilibe mlandu. Kompyuta zogula padera sizifuna IGF, waya wake mumangousiya. Ngati mukufuna kusunga kompyuta ya 20 valve, dziwani kuti ili ndi waya umodzi wokha wa IGT, chifukwa inapangidwira koyilo imodzi. Pafunika kabokosi kogawa chizindikirocho, ndipo IGF iyenera kubwererabe. Zimatheka, koma ndalama ndi nthawi yake zimayandikira mtengo wa kompyuta yoti muzidzatha kuichuna.

Chinanso chimene anthu amaiwala n'choti disitibyuta ya Toyota sigawa moto wokha. M'kati mwake muli masensa ouza kompyuta pamene injini yafika: gudumu la mano 24 ndi chizindikiro cha kamu. Mukaitaya yonse, mwataya maso a kompyuta. Ena amasiya tsinde lake ndi masensa, n'kuchotsa rota ndi kapu yaitali, n'kuvundikira ndi chivundikiro chafulati. Ena amaika gudumu la 36-1 kapena 60-2 pa pule ya kutsogolo. Ndi gudumu la pa kirankishafuti lokha, makoyilo 4 aja aziwomba awiriawiri ngati a Ford. Palibe cholakwika pamenepo, koma muonetsetse kuti waya umodzi wa kompyuta ungathe kuyendetsa makoyilo awiri.

Makoyilo a Honda K20, a pa CR-V, Stream ndi Civic Type R, ndi ofanana nawo pa khalidwe. Ali ndi mapini atatu, alibe IGF, ndipo amamva chizindikiro cha mavoti 5 popanda vuto. Ngati kutalika kwake kukugwirizana ndi hedi yanu, palibe chifukwa chowakanira.

A VW ndi Audi, kuphatikizapo a mutu wofiira aja anthu amati a R8, ndi otsika mtengo ndipo moto wake ndi wabwino, koma ali ndi khalidwe limodzi losokoneza. Amakoka magetsi ambiri pa waya wa chizindikiro kuposa a Denso. Kompyuta ya chizindikiro chofooka imaonetsa mavoti 5 pa mita koyilo isanalumikizidwe, koma mukailumikiza mavotiwo amagwa, ndipo moto umabwera mwa apo ndi apo kapena osabwera n'komwe. Musanawagule, onani ngati opanga kompyuta yanu amawatchula m'buku lawo.

A pa mainjini a GM LS ndi osiyana. Anayamba ndi LS1 ya mu Corvette ya 1997, ndipo sakhala pa pulagi penipeni, amakhala pafupi ndi kawaya kakafupi. Zimenezi zimathandiza pa hedi imene mabowo ake salola koyilo iliyonse, komanso mumatha kuwaika pamalo ozizira. Koma samalani ndi D585, wozungulira uja wa zipsepse za aluminiyamu, wa pa Yukon ndi Silverado. Ali ndi chitetezo chake m'kati: dwell ikatalika kwambiri, amadziwombera yekha osadikira kompyuta. Moto umabwera msanga kuposa taimingi imene mwalemba, ndipo pa injini ya turbo zimenezo zimaswa pisitoni. Ochuna ambiri amamusunga pansi pa mamilisekondi 4.5, ndipo muonenso kuti tebulo la m'kompyuta lotalikitsa dwell mavoti akatsika silikumupitiriza malire amenewo.

IGN-1A ndi CDI

Izi ndi za injini imene moto wamba ukuzimitsidwa ndi mphepo ya turbo yaikulu, nitrous kapena methanol. Koyilo ya IGN-1A inachokera ku mainjini a maboti a Mercury Marine, ndipo a AEM amene amaigulitsa amailembera mamilijoule 103. Ili ndi mapini 5, atatu mwa iwo ndi earth zosiyana: ya chizindikiro imabwerera ku kompyuta, ina ku hedi, ina ku batire. Imakoka ma amp ochuluka, ndiye hanesi yakale ya galimoto siingainyamule. Pa 4A-GE yopanda turbo sidzakuwonjezerani kavalo ngakhale mmodzi, chifukwa petulo akayaka wayaka.

CDI, bokosi loyendetsa koyilo monga MSD 6AL, imagwira ntchito mwa njira inanso. Siidikira koyilo kuti idzaze, imaimenya ndi mavoti pafupifupi 500 ochokera mu capacitor, kachipangizo kosunga magetsi. Ndiyo yankho la V8 imene malamulo akuikakamiza kukhala ndi disitibyuta imodzi pa liwiro lalikulu. Moto wake ndi waukali koma waufupi, n'chifukwa chake pansi pa 3,000 rpm imawomba kangapo motsatizana kwa madigiri 20. Imafuna koyilo yopanda igniter, yopangidwira CDI. Mukailumikiza ku koyilo ya 1NZ kapena K20 mwaipha nthawi yomweyo.

Tsiku loliza koyamba

Chimene chaotcha makoyilo ambiri kuposa china chilichonse ndi mzere umodzi m'kompyuta, wonena kuti koyilo iwombe chizindikiro chikamatsika kapena chikamakwera. A Denso, K20, LS ndi VW amadzaza chizindikiro chili pamwamba, n'kuwomba chikatsika. Igniter ya m'disitibyuta ya Honda B-series ndi bokosi la MSD zimawomba chikakwera. Mukasemphanitsa, koyilo imakhala yoyaka pafupifupi nthawi yonse. Ndinaona mnyamata wina amene anasunga ndalama miyezi yambiri akutaya makoyilo onse 4 kiyi ali pa ON, injini isanazungulire n'komwe, chifukwa anakopera manambala a m'kompyuta ya mnzake amene ankagwiritsa MSD. Zinandimvetsa chisoni chifukwa ntchito yonse ya mawaya anaigwira mwaukhondo. Makampani a makompyuta amatchula mzerewu ndi mawu osiyana, ena mpaka osemphana, ndiye musadalire liwu lokha. Zulani makoyilo onse, lumikizani imodzi ndi fyuzi yaing'ono ya ma amp 5, tsegulani kiyi, ikani dzanja pa koyiloyo. Ikayamba kufunda injini ili chete, zimitsani msanga. Ikakhala yozizira, yesani moto ndi pulagi yogunditsa ku hedi. Musawombetse koyilo yopanda pulagi, chifukwa mavoti aja akasowa polumpha amaboola m'kati mwake.

Magetsi a makoyilo adzere pa relay yawoyawo, ndipo earth yawo imangidwe pa hedi, osati pa bodi. Moto wa pulagi uyenera kubwerera ku koyilo mwachidule, apo ayi umadzera m'mawaya a masensa n'kusokoneza kompyuta. Mapulagi akhale a resistor, monga NGK a chilembo R. Onaninso kutalika kwake: BCPR ndi wamtali ndi mamilimita 2.5 kuposa BKR, ndipo kusiyana kumeneko n'kokwanira kuti kasipuling'i ka koyilo kasakhudze bwino mutu wa pulagi. Wotchi ya rpm ya galimoto yakale inkawerenga kugunda kwa mavoti ambiri pa negetivi ya koyilo, ndiye tsopano ifuna waya wochokera ku kompyuta kapena kabokosi kosinthira. Switchi yaikulu yodula magetsi, imene oyendera magalimoto amaiyesa injini ikulira, iyenera kuzimitsanso relay ya makoyilo, chifukwa alitaneta ikhoza kupitiriza kuwadyetsa batire itadulidwa.

Ngati mwachotsa alitaneta kuti galimoto ipepuke, mavoti azitsika mpikisano uli m'kati, ndipo koyilo imene imadzaza pa mamilisekondi 2.5 pa mavoti 14 ifuna yochulukirapo pa 11.5. Lembani tebulo la dwell malinga ndi mavoti, musasiye nambala imodzi.

Ndipo ngati mwachunira galimoto ku Gauteng, musaganize kuti mwamaliza. Zwartkops ndi Kyalami zili pamtunda wa mamita oposa 1,400, kumene mpweya ndi wopepuka. Mukatsikira ku Killarney ku Cape Town, pafupi ndi nyanja, silinda iliyonse imameza mpweya wochuluka, kupanikizika kumakwera, ndipo moto umafuna mavoti ambiri kuti ulumphe mpata womwewo. Injini imene inkalira bwino mpaka 8,000 ikayamba kumisa pamwamba mutafika kunyanja, yambani mwachepetsa mpata wa mapulagi kuchoka pa mamilimita 1.1 kufika pa 0.8, muyesenso, musanatsegule chikwama kukagula makoyilo ena.